Khasu, mpini ndi kamera ya mphunzitsi

Akuluakulu akale, akaona munthu amene maso ake akulephera kukhazikika pa chinthu chimodzi, ankati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pusi wa m'mwambiwu sanagwe ndi njala ayi. Zipatso zinamuchulukira, ndipo pofuna kugwira zonse anasiya nthambi imene inamunyamula. Mwambiwu ankakonda kuuza anyamata a msinkhu wofunsira mbeta, koma lero ukumukwana bwino lomwe munthu aliyense amene watsegula intaneti pa foni n'kuyamba kufufuza mitengo ya makamera. Ndipotu, monga mmene owerenga aonere m'munsimu, kugula kamera yosintha malenzi sikusiyana kwenikweni ndi kufunsira mbeta: munthu amaganiza kuti akutenga mmodzi, chonsecho akulowa m'banja lonse.

Mtsikana wina, mphunzitsi wa Sitandade 6 pa sukulu ina ya pulayimale m'boma la Dedza, anatha zaka ziwiri akupatula kangachepe pa malipiro ake kuti adzagule kamera yotere. Sankalota zotsegula situdiyo kapena zojambula maukwati. Chimene chinkamudya mumtima chinali china. Agogo ake aakazi, amene anamulera mayi ake atamwalira, anali ndi chithunzi chimodzi chokha, cha pa chiphaso cha unzika chimene anajambulitsa pa kalembera wa mu 2017, ndipo pa chithunzicho amaoneka ngati munthu amene wangouzidwa kumene kuti mbuzi zake zadya mmera wa amfumu. M'zaka zija wojambula ankayenda pa njinga m'midzi, kamera ili pakhosi, n'kumadikira kuti filimu ya zithunzi 36 idzaze kaye asanapite nayo ku tauni kukatsukitsa, m'nyumba ya agogowa ndalama yojambulitsira inkathera ku fizi ya ana. Tsopano anali atakalamba zedi, maso atayamba kuchita mdima, ndipo mdzukuluyo ankadziwa, ngakhale sankanena, kuti nthawi siinali yambiri.

Foni anali nayo, ndipo ankayesa. Koma agogo sakhala pa dzuwa kudikira chithunzi. Malo awo ndi m'khitchini ya udzu, pambali pa mafuwa, kapena pakhonde dzuwa litapendeka, ndipo m'malo oterewa foni inkatulutsa nkhope yosalala ngati mbiya yokulungizidwa, makwinya ndi mphini za m'masaya zitafufutika. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mkati mwa chojambulira chilichonse chamakono muli kachipangizo kolandira kuwala, kotchedwa sensa, kamene kanalowa m'malo mwa filimu. Sensa ya foni yotsika mtengo siiposa njere ya khobwe. Ya makamera otsika mtengo osintha malenzi, imene amaitcha APS-C, ndi ya mamilimita pafupifupi 23 m'litali ndi 15 m'lifupi, kutanthauza kuti malo ake olandirira kuwala ndi aakulu koposa kakhumi kuyerekeza ndi a foni ija. Mvula ikamagwa yowaza, wotchera beseni ndi wotchera kapu sapeza madzi ofanana. Kuwala kukachepa, foni imadzaza mipata ndi zongoyerekeza zake, ndipo mphini za agogo imaziyesa litsiro loyenera kupukuta.

Poyamba mphunzitsiyu ankafuna yatsopano, ya m'bokosi. Koma mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, zinthu zonse zochokera kunja zinakwera, ndipo ndalama zimene zinkaoneka ngati zatsala pang'ono kukwana zinapezeka zabwerera kutali. Inatsala njira ya kamera yogwirapo kale ntchito. Amalume ake, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, analonjeza kuti ayang'ana m'masitolo ogulitsa zinthu zakale ndipo adzabwera nayo pa Khirisimasi. Anayamba kumutumizira zithunzi pa WhatsApp: Canon 1100D, Canon 1300D, Nikon D3200, Sony a6000, Canon EOS M, ndi zina zambiri. Apa m'pamene pusi uja anayamba kugwedezeka pa nthambi. Mtsikanayo, posadziwa poyambira, anagwiritsa chinthu chimodzi chimene ankachimva, ndicho nambala ya mamegapikiselo, n'kumaganiza kuti ya 24 ndi yabwino kawiri kuposa ya 12, monga mmene mwana wopeza 80 pa mayeso amaposera wopeza 40.

Mwayi wake unali wakuti anakumbukira za safunsa amene anadya phula. Pa msika wa pafupi ndi sukulu yake pali bambo wina wachikulire amene wakhala akujambula maukwati ndi zinkhoswe kuyambira nthawi ya filimu. Kumeneko ndi kumene anapita Loweruka lina, foni ili m'manja.

Bamboyo sanayang'ane n'komwe zithunzi za pa foniyo. Anati, "Aphunzitsi, mundiuze kaye. Mukufuna kujambula ndani, ndipo amakhala pati?"

Atamva za agogo ndi khitchini, anaseka pang'ono n'kunena kuti za mamegapikiselo aziiwale. Apa bamboyo ananena zoona. Chithunzi chodzaza pepala lonse la A4, chosindikizidwa mwaluso kwambiri, chimafuna mamegapikiselo osakwana 9, ndipo Canon 1100D ya mu 2011, imene ili ndi 12, imakwanitsa kale zimenezo. Nambala imeneyi ogulitsa amaikonda chifukwa ndi yosavuta kuilemba pa bokosi. Kenako bamboyo anatenga kamera yake, n'kudina kabatani, n'kupotoza lenzi, n'kuika zidutswa ziwirizo pa tebulo motalikirana.

"Ili ndi khasu," anatero akuloza lenzi. "Uwu ndi mpini. Kwanu khasu limodzi latha mipini ingati?"

Fanizoli ndi loyenera kulikhalira pansi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Thunthu la kamera ndi kakompyuta, ndipo limakalamba monga makompyuta onse: pakapita zaka zochepa latsopano limatuluka, lakale mtengo wake n'kugwa. Lenzi yosamalidwa bwino imatha zaka 20 kapena 30 ikugwira ntchito, ndipo ndi iyo imene imalamula kuchuluka kwa kuwala kolowa komanso maonekedwe a chithunzi. Koma khasu sililowa mu mpini uliwonse. Kampani iliyonse ili ndi kapangidwe kakekake ka pakamwa pamene lenzi imalumikizana ndi thunthu, pamene ojambula amati mount, ndipo lenzi ya Canon siingamangike pa Nikon mwachindunji. Choncho wogula thunthu lake loyamba wasankhiratu malenzi, mabatire ndi amisiri amene adzakhale nawo zaka zikubwerazo. Ndi chifukwa chomwechi ankhoswe akale, asanavomere ukwati, ankayamba afufuza za kubanja: kodi kumeneko anthu amakhalitsa, kodi amagwirizana, nanga mavuto akagwa alipo wothamangirako?

Mabanja a makamera ali ndi mbiri zawo, ndipo zina n'zomvetsa chisoni. Nikon inayamba pakamwa pake potchedwa F mu 1959 ndipo inapasunga zaka zoposa 60. Canon mu 1987 inasiya pakamwa pake pakale pa FD n'kuyamba pa EF, ndipo anthu amene anali atadzaza zikwama ndi malenzi a FD anagwira njakata. Komabe EF inakula kukhala fuko lalikulu: pofika 2014 Canon inali itapanga malenzi a EF okwana 100 miliyoni, ndipo Nikon inafika pa chiwerengero chomwecho cha malenzi ake mu 2016. Mu 2003 Canon inatulutsa EOS 300D, imene ku America inkagulitsidwa madola 999 pamodzi ndi lenzi, ndipo kuyambira pamenepo kamera ya digito yosintha malenzi inasiya kukhala ya atolankhani okha. Koma kampani yomweyo mu 2012 inayambitsa kabanja kena kotchedwa EOS M, timakamera tating'ono tokongola, ndipo patatha zaka zoposa 10 inakasiya. Malenzi ake, a EF-M, salowa pa makamera atsopano a Canon a mtundu wa R ngakhale ndi cholumikizira. EOS M imene amalume anaijambula ija, yowala bwino ndi yotsika mtengo, inali mbeta ya pa mudzi umene anthu akusamukapo.

Wina angafunse kuti, nanga makamera akalewa onse si a pa mudzi umene anthu akusamukapo? Funsoli lili ndi mutu. Makamera a mtundu wa DSLR ali ndi kagalasi mkati kamene kamatumiza kuwala ku diso la wojambula, n'kudumphira m'mwamba pa nthawi yojambula. Mu 2008 Panasonic inatulutsa Lumix G1, yopanda kagalasiko, Sony inalowamo mu 2010, ndipo mu 2018 Canon ndi Nikon zinayamba mabanja awo atsopano, R ndi Z. Kuyambira pamenepo nzeru zatsopano zakhala zikupita kumeneko, ndipo mu 2022 Nikon inasiya kupanga D3500, imene inali kamera yake ya oyamba kumene. Koma olemera akamasamuka msika ndiye umadzaza. Anthu a ku Ulaya, ku America ndi ku South Africa amene akugula zatsopano akugulitsa zakale, mwakuti malenzi a EF ndi a F sadzasowa msanga, ndipo malenzi amenewa, mosiyana ndi a EF-M aja, amalowa pa makamera atsopano a kampani yawo kudzera pa cholumikizira. Palinso china chimene wolemba za makamera wa ku London sangachiike patsogolo koma munthu wa ku Dedza amachiona msanga. Kamera yopanda kagalasi imadya batire nthawi yonse imene munthu akusuzumiramo, popeza chimene akuonacho ndi kasikirini. Pa muyeso wa makampani eni ake, Sony a6000 imajambula zithunzi pafupifupi 360 batire likadzaza, Nikon D3300 zithunzi 700, D3500 zoposa 1,500. Kwa munthu amene nyumba ya agogo ake ilibe magetsi, kusiyanaku si kwa pa pepala chabe.

Nanga pakati pa Canon ndi Nikon? Bamboyo sanataye nthawi pa mkangano umenewu, umene pa intaneti umafanana ndi wa ochemerera Bullets ndi Wanderers. Zonse ziwiri zimajambula bwino. Iye anali wa Nikon. Anali ndi malenzi anayi, chaja, ndi mabatire a mtundu wa EN-EL14 amene amalowa m'makamera onse kuyambira D3100 mpaka D3500. Ananena kuti aphunzitsi akagula ya banja limenelo, tsiku lina batire likadzawathera kapena akadzafuna kuyesa lenzi ina, adzadziwa khomo logogoda. Akanakhala wa Canon, uphungu wake ukanaloza ku 1200D kapena 1300D, ndipo ukanakhala wabwino chimodzimodzi, mwinanso wosavutirapo, chifukwa pa makamera amenewo lenzi iliyonse ya EF kapena EF-S imagwira ntchito popanda mafunso. Kwa Nikon kuli kamkangano ka m'nyumba koyenera kukadziwa. Makamera ake otsika mtengo alibe kamota kozungulitsa lenzi, choncho lenzi yakale ya mtundu wa AF-D imamangika bwinobwino koma siichita fokasi yokha. Wojambula ayenera kupotoza ndi dzanja mpaka chithunzi chioneke chakuthwa. Yofunika ndi yolembedwa AF-S. Yolembedwa AF-P, imene ndi yatsopanopo, imagwira pa D3300 kupita m'tsogolo koma pa D3100 ndi D3200 imakana. Ndi abale a bere limodzi, koma ena sadyera mbale imodzi.

Anagwirizana za D3300, ya mu 2014. Bamboyo anaikonda kuposa D3400 imene inabwera pambuyo pake chifukwa cha kanthu kamodzi: D3300 imadzigwedezera sensa kuti fumbi ligwe, pomwe pa D3400 ndi D3500 kampani inachotsamo luso limenelo. Amene anayendapo pa msewu wa fumbi mu Okutobala akudziwa kufunika kwake. Choipa chake n'chakuti payokha siitumiza zithunzi ku foni. Pamafunika kachipangizo kowerengera khadi. Mphunzitsiyo anati zimenezo apirira.

Inatsala ntchito yovuta, yophunzitsa amalume unkhoswe pa foni. Kamera yakale ndi mkuyu weniweni, chikomekome kunja, ndipo nyerere zake sizioneka pa chithunzi cha WhatsApp. Mtsikanayo analemba zonse mwandondomeko monga amalembera ntchito ya ana pa bolodi. Kachitseko ka mkati kamene kamatseguka ndi kutseka pa chithunzi chilichonse, kotchedwa shata, kali ndi moyo wowerengeka. Nikon inayesa ka D3300 kufika maulendo 100,000, ndipo makamera a Nikon amalemba chiwerengerochi mobisika mkati mwa chithunzi chilichonse, mwakuti munthu akajambula chimodzi n'kuchiika pa masamba a intaneti owerengera, amadziwa mtunda umene kamera yayenda, monga mmene wogula galimoto amaonera makilomita. Lenzi aichotse, aiunike ndi tochi ya foni, aone ngati mulibe timizere toyera tonga ulusi wa kangaude. Chimenecho ndi chuku chomera pa galasi, ndipo chikazika mizu sichichoka. Ajambule khoma loyera kapena thambo, kabowo ka lenzi atakachepetsa kufika pa f/22, kuti madontho a pa sensa aonekere. Batire lisakhale lotupa, ndipo chaja ikhalepo.

"Mwanawe," anatero amalume pa foni, "zonsezi ndichite m'sitolo ya eni ake? Akandiyesa wapolisi."

"Chitani ndithu, amalume. Akakana kuti muyese, musagule. Ndalamazi ndi za zaka ziwiri."

Yoyamba anaisiya chifukwa mwini sitolo analibe batire loyesera. Yachiwiri inali ndi kangaude m'lenzi. Yachitatu, imene shata yake inali isanafike ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo asanu a moyo wake, ndi imene inakwera basi pa Khirisimasi, itakulungidwa m'thawulo pakati pa zovala, pamodzi ndi lenzi ya 18-55 imene makamera oterewa amabwera nayo.

Walira mvula walira matope. Kamera itafika panabuka tindalama tina timene sanatiwerengere: khadi losungira zithunzi, batire lachiwiri, kachikwama, kampira kopemerera fumbi. Panabukanso malamulo atsopano a pakhomo. Lenzi siisinthidwa pabwalo pa mphepo. Munthu amalowa m'nyumba, kamera n'kuiweramitsa. Ndipo m'dzinja la ku Dedza, pamene chinyezi chimalowa mpaka m'mabuku, kamera siigona m'chikwama cha nsalu pansi pa bedi. Imagona m'bokosi la pulasitiki lotseka bwino, pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano.

Ngakhale zinali choncho, miyezi iwiri yoyamba inamukhumudwitsa. Panja zithunzi zinali zokongola, koma m'khitchini mwa agogo zinkatulukabe zamdima kapena zogwedera. Apa m'pamene za khasu zija zinamveka. Lenzi ya 18-55 ndi yabwino pophunzirira, koma kabowo kake n'kakang'ono: ikakokedwa kufika pa 55 sikatseguka kupitirira f/5.6. Manambala amenewa amayenda chambuyo, nambala yaing'ono ndiyo bowo lalikulu, ndipo lenzi ya f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi kuposa ya f/5.6. Bambo uja anamubwereka yake ya 35mm f/1.8G, imene Nikon inatulutsa mu 2009 ndipo ndi imodzi mwa malenzi ake otsika mtengo kwambiri. Kwa a Canon mnzake wa lenzi imeneyi ndi 50mm f/1.8. Siikoka zakutali. Wofuna kuti nkhope idzaze chithunzi amasendera ndi mapazi ake.

Kusendera kumeneku kuli ndi phindu limene silinalembedwe pa bokosi. Oyamba kumene ambiri amathamangira lenzi yaitali, ya 70-300, chifukwa imaoneka yaulemu pakhosi ndiponso imalola munthu kujambula anzake ali chapatali, iwo osadziwa. Pa mpira ndi pa mbalame ndi yabwino. Pa anthu a m'mudzi imaphunzitsa kuba. Mwambo sulola munthu kulowa pakhomo osaodira, ndipo nkhope ya munthu wamkulu ndi pakhomo pake. Pamaliro sipajambulidwa popanda chilolezo cha eni maliro. Gule Wamkulu naye, ngakhale UNESCO inamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha anthu onse a padziko, ali ndi eni ake, amene amanena pamene kamera ingaime pabwalo ndi kumene siingafike konse, monga kudambwe. Wa lenzi ya 35mm sangabe chithunzi mosavuta. Ayenera kufika pafupi, kukhala pansi, kupereka moni, n'kudikira kuti amene akujambulidwayo amuiwale.

Agogo sanamuiwale msanga. Masabata oyamba, akangoona kamera, ankaimirira, kukonza duku, n'kuumitsa nkhope. "Dikira ndikavale chitenje cha kutchalitchi," ankatero. Mdzukuluyo ankayankha kuti, "Khalani momwemo, agogo, ine ndikungoyesa ngati ikugwira," n'kukhala pa mphasa, kamera ili pamiyendo, akuthandiza kusenda mtedza. Chithunzi chimene ankachifuna chinabwera madzulo ena mu Epulo, agogo akupeta mphale pa lichero pakhomo la khitchini, kuwala kutagwera tsaya limodzi, mphini zonse zitatu zikuwerengeka. Anachitumiza kwa amalume ku Johannesburg, amene sanayankhe tsiku lonse, kenako anangolemba kuti atsukitse zitatu. Anapita nacho ku Lilongwe kukasindikiza, chifukwa khadi limatayika ndipo foni imabedwa. Agogo atachigwira anachiyandikitsa kumaso, n'kuchitalikitsa, n'kufunsa kuti nkhalamba imeneyi ndi ya kwa yani. Atauzidwa anati licherolo linali lobwereka, lawo lenileni ndi labwino kuposa pamenepo. Lenzi ya bambo uja inabwezedwa kumapeto kwa mweziwo, ndipo mphunzitsiyo wayambanso kupatula kangachepe kuti agule yake.